Digiri yokha sikwanira: wofufuza za achule amafunika womutsogolera

Mukamva achule akusokosera kudambo mvula yoyamba itagwa, dziwani kuti pali anthu amene ntchito yawo ndi kumvetsera phokoso limenelo. Amene amalira kwambiri ndi amphongo poitana aakazi, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kaliridwe kake. Katswiri amatha kutchula mitundu yomwe ili padziwe asanaione n'komwe. Luso limeneli munthu salitola m'buku ayi, amaphunzira poyenda usiku ndi wina amene analiyamba kale.

N'chifukwa chake ndimati womaliza digiri ya Biology amafunika mlangizi. Mlangizi amakuonetsa kagwiridwe ka chule utavala magolovesi, poti khungu lake limamwa chilichonse chomwe chili m'manja mwako. Amakuphunzitsa kupukuta khungulo ndi kathonje kuti akakayeze ngati muli chytrid, kafangasi komwe kapulula achule m'maiko ambiri. Amakukumbutsanso kutsuka nsapato ndi mankhwala usanapite kumtsinje wina, kuopa kusamutsa matendawa ndi mapazi ako omwe.

Ntchitotu ilipo. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2023 anapeza kuti mitundu 41 mwa 100 iliyonse ya gulu la achule ili pachiopsezo chotheratu. Kwathu kuno, phiri la Mulanje lili ndi achule osowa kwambiri monga Nothophryne broadleyi, ndipo nkhalango ikamatha nawonso malo awo akutha.

Nanga mlangiziyo ungamupeze kuti? Bungwe la Zoological Society of London lili ndi pulogalamu ya EDGE Fellowship ya anthu ongoyamba kumene. Amakupatsa maphunziro, ndalama zoyendetsera kafukufuku ndi katswiri wokutsogolera, iwe ukufufuza nyama yosowa ya m'dziko lako lomwe. Conservation Leadership Programme nayo imathandiza timagulu ta achinyamata omwe sanakhalitse pantchito yoteteza chilengedwe. Koma ambiri mlangizi wawo woyamba amakhala lekichala wa ku yunivesite amene anawatenga kukathandiza kunyamula tochi ndi kulemba manambala.

Inu mudakali ku sekondale, koma osadikira digiri. Limbikirani Biology, masamu ndi Chingerezi, poti kafukufuku amafuna kuwerengera ndi kulemba malipoti. Lowani kalabu ya wildlife pasukulu panu. Pezani kope, muzilembamo tsiku, malo, mmene kunja kunachera ndi achule kapena mbululu zomwe mwaona. Foni ikapezeka, jambulani kulira kwawo, koma usiku osapita nokha kudambo. Tsiku lomwe mudzapemphe katswiri kuti akutsogolereni, kope limenelo ndi lomwe lidzakulankhulireni.