Mowa ndi Malo Odyera Pakati pa Nyumba za Anthu: M'mene Lamulo la ku England Limaweruzira

Munthu akamayenda m'misewu ya ku London kapena ku Manchester, nthawi zina amaona pepala labuluu litamatidwa pazenera la malo odyera. Anthu ambiri amangodutsa osaliwerenga. Komatu pepala limenelo ndi chidziwitso chakuti mwini malowo wapempha chiphaso chogulitsira mowa, kapena akufuna kuonjezera maola ake mpaka pakati pausiku, ndipo aliyense amene ali ndi dandaulo ali ndi masiku 28 okha oti alembere kukhonsolo. Vuto lomwe pepalali likufuna kuthana nalo ifenso timalidziwa m'matauni mwathu: nyumba imene masana imagulitsa nsima ndi tchipisi, usiku nkusanduka bala, pamene kuseri kwa mpanda kuli wodwala, khanda, kapena mwana amene mawa akulemba mayeso. N'chifukwa chake kuli kothandiza kuona m'mene dziko lina linayesera kuweruza pakati pa wamalonda ndi mnansi wake.

Lamulo lomwe limayendetsa zimenezi ku England ndi ku Wales limatchedwa Licensing Act 2003, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 24 November 2005. Lisanabwere, ziphaso za mowa zinkaperekedwa ndi amajisitireti, ndipo nthawi yotsekera inali imodzi pafupifupi kulikonse, 11 koloko usiku. Mwambo woika malire pa maola a mowa unakhwima pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, yomwe inayamba m'chaka cha 1914, pamene boma linkaopa kuti anthu opanga zida za nkhondo azifika kuntchito ataledzera. Malo odyera anali ndi kamwayi kawokawo: lamulo la 1964 linkawalola kupitiriza kwa ola limodzi, malinga ngati mowawo ukuperekedwa pamodzi ndi chakudya.

Lamulo la 2003 linachotsa nthawi imodzi yotsekera ija, ndipo linasamutsa mphamvu kuchoka kubwalo la milandu kupita kumakhonsolo. Kuyambira pamenepo, malo alionse amakhala ndi maola ake olembedwa pachiphaso chake. Ngakhale malo osagulitsa mowa amakhudzidwa, pakuti wogulitsa chakudya chotentha kapena chakumwa chotentha pakati pa 11 koloko usiku ndi 5 koloko m'mawa amafunikanso chiphaso. Opanga lamulo anazindikira kuti chipwirikiti cha usiku chimapezekanso pakhomo pa wokazinga nkhuku, pamene oledzera amasonkhana bala ikatsekedwa.

Mtima wa lamuloli uli pa zolinga zinayi, ndipo khonsolo siloledwa kuweruza potengera china chilichonse kunja kwa izo: kuteteza umbanda ndi chisokonezo, chitetezo cha anthu, kupewa zosowetsa anthu mtendere monga phokoso, ndi kuteteza ana ku zoipa. Apa ndi pamene anthu ambiri a zolinga zabwino amapunthwa. Mkulu wa mpingo akalemba kuti kuledzera ndi tchimo, kalata yake siwerengedwa ngati dandaulo loyenera, ngakhale zimene wanenazo zikhale zoona. Wamalonda akalemba kuti malo atsopanowo amulanda makasitomala, nayenso samveredwa. Koma mayi akalemba kuti Lachisanu lapitali anadzutsidwa 1 koloko usiku ndi phokoso la mabotolo otayidwa m'bini kuseri kwa chipinda chake chogona, ndi kuti m'mawa anapeza masanzi pakhomo pomwe ana ake amadutsa popita kusukulu, makhansala ayenera kumumvera. Lamulo limafuna tsiku, ola ndi chimene chinachitika. Ku Scotland, komwe kuli lamulo lakelake la 2005, anaonjezera cholinga chachisanu chokhudza umoyo wa anthu, koma ku England sichinalowe m'lamulo.

Pali mfundo ina imene imadabwitsa ambiri. Masiku 28 aja akatha popanda dandaulo loyenera lochokera kwa mnansi, apolisi, ozimitsa moto, a zaumoyo kapena oteteza ana, khonsolo ilibe mphamvu yokana. Iyenera kupereka chiphasocho monga momwe mwini malo anapemphera. Kukhala chete kwa anansi kumasanduka chivomerezo. Poyamba wodandaula ankayenera kukhala wokhala kapena wochita malonda pafupi ndi malowo, koma chiletso chimenechi chinachotsedwa m'chaka cha 2012, kotero kuti munthu aliyense, bungwe kapena mpingo ungathe kulemba.

Dandaulo likafika, nkhani imapita kukomiti ya makhansala atatu. Mwini malo amalankhula, nthawi zambiri kudzera mwa loya wake, ndipo anansi amalankhulanso. Kawirikawiri makhansala sakana kotheratu, ndipo sapereka zonse. Amaika malamulo pachiphaso: zitseko ndi mazenera zitsekedwe ikakwana nthawi yakutiyakuti, mabotolo asatayidwe panja usiku, anthu otuluka kukasuta fodya asapitirire chiwerengero chakuti ndipo asatuluke ndi mowa m'manja, galimoto zobweretsa katundu zisafike mbandakucha. Zinthu zimenezi zimaoneka zazing'ono, koma ndi zomwe zimasiyanitsa usiku wogona ndi usiku wochezera.

Kwa malo odyera, lamulo lofunika koposa ndi limene limawasiyanitsa ndi bala. Khonsolo ya Westminster, yomwe imayang'anira dera la Soho pakati pa London, imakonda kulemba pachiphaso kuti kasitomala azisonyezedwa tebulo lake, azikhala pansi, woperekera zakudya azimubweretsera mowa, ndipo mowawo ukhale wongoperekeza chakudya chenicheni. Maganizo ake ndi akuti munthu wokhala patebulo ndi mbale patsogolo amamwa pang'onopang'ono, pamene woimirira pakauntala amagugudiza. Khonsoloyi imafewa kwa malo odyera kusiyana ndi mabala pachifukwa chimenechi. Tsono amalonda ena ochenjera amapempha chiphaso ngati malo odyera, ndipo pakapita miyezi khitchini imayamba kutsekedwa 10 koloko, matebulo nkukankhidwira kukhoma, nyimbo nkukwezedwa. Chikwangwani panja chimakhalabe chonena za chakudya.

Funso lakuti chakudya chenicheni n'chiyani linafika poseketsa dziko lonse kumapeto kwa chaka cha 2020, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, pamene m'madera ambiri mowa unkaloledwa pokhapokha ndi chakudya chokhutitsa. Nduna ina, a George Eustice, inanena pawailesi kuti dzira lowiritsa lokutidwa ndi nyama yogaya, limene kumeneko amalitcha Scotch egg, mwina lingakwanire. Anthu anaseka, koma funsolo ndi lomwe makhansala amalimbana nalo chaka ndi chaka: kodi mbale ya mtedza pakati pa anthu asanu ndi chakudya?

Chiphaso chikaperekedwa, nkhani sithera pomwepo. Mnansi aliyense angathe kupempha kuti chiunikidwenso, ndipo makhansala ali ndi mphamvu yosintha malamulo ake, kuchepetsa maola, kuchotsa woyang'anira malonda a mowa pamalopo, kuimitsa chiphaso mpaka miyezi 3, kapena kuchilanda. Amene sanakhutire ali ndi masiku 21 ochita apilo kubwalo la majisitireti. Mlandu wodziwika pa nkhani imeneyi ndi wa bala yotchedwa Endurance mu Berwick Street ku Soho. Anansi anadandaula za phokoso la anthu omwera panja, ndipo khonsolo ya Westminster inaletsa kumwera panja ikadutsa 6 koloko madzulo. Eni ake, kampani ya Hope and Glory, anakasuma mpaka kubwalo la apilo, lomwe m'chaka cha 2011 linagamula kuti majisitireti asamagwetse chigamulo cha makhansala pokhapokha atakhutira kuti n'cholakwika. Chigamulo chimenechi chinalimbitsa mawu a anthu osankhidwa ndi eni dera.

Chovuta kwambiri ndi msewu umene malo alionse paokha alibe mlandu, koma onse pamodzi achititsa kuti munthu asagone. Pamenepa khonsolo ingathe kulengeza kuti deralo ladzaza, ndipo zikatero wopempha chiphaso chatsopano ndiye amayembekezeka kusonyeza kuti sadzaonjezera vuto. Njira imeneyi makhonsolo ankaigwiritsa ntchito kale, koma inalembedwa m'lamulo lenileni m'chaka cha 2018. Chaka chomwecho khonsolo ya Hackney ku London inagamula kuti malo atsopano azitseka 11 koloko usiku pakati pa sabata ndi 12 koloko kumapeto kwa sabata, pokhapokha atapereka zifukwa zomveka. Amalonda ndi achinyamata anakwiya kwambiri, ndipo dandaulo lawo silinali lopanda pake: malonda a usiku amalemba ntchito anthu ochuluka, ophika, otsuka mbale ndi alonda, ambiri mwa iwo obwera kuchokera kumaiko ena.

Makhonsolo anapatsidwanso mphamvu, mwa lamulo la 2011, yokhometsa msonkho wapadera malo ogulitsa mowa pakati pa 12 koloko usiku ndi 6 koloko m'mawa. Ndalama zosachepera 70 pa 100 zilizonse zotsala pambuyo pochotsa zoyendetsera msonkhowo zimapita kwa apolisi. Mzinda wa Newcastle ndiwo unayamba, m'mwezi wa November 2013, koma makhonsolo amene anatsatira ndi ochepa. Malo odyera ambiri anaona kuti n'kwapafupi kubweza maola awo kuti azisiya kugulitsa mowa nthawi ya msonkhoyo isanakwane, ndipo anansi awo anapindula ndi ola la tulo limene sanalipemphe kukomiti iliyonse.