Mai wa zaka 86 anagulitsa parachuti yake: nanga njinga ya agogo?

CUAMBA — Akuluakulu a m'tauni ino amene anakula nthawi ya atsamunda amakumbukirabe phokoso la ndege za nkhondo. Masiku amenewo Cuamba inkatchedwa Nova Freixo, ndipo bwalo la ndege linali m'manja mwa asilikali a Chipwitikizi, amene ankalitcha AB6. M'zaka zomwezo anthu a m'midzi anayamba kumva za maparaquedista, asilikali olumpha m'ndege ndi chiambulera cha nsalu chotchedwa parachuti. Magulu ao akuluakulu anali ku Beira ndi ku Nacala. Kuyambira mu 1971, ku Dondo, pafupi ndi Beira, Apwitikizi anayamba kuphunzitsanso anyamata a dziko lino m'magulu otchedwa GEP.

Anyamata amenewo sanasankhe okha tsiku losiya kulumpha. Pangano la ku Lusaka la pa 7 Sepitembala 1974 linathetsa nkhondo, ndipo magulu ao anathera pomwepo. Amene adakali moyo lero apitirira zaka 70.

Koma m'maiko ena anthu amalumpha m'ndege ngati masewera, ndi ndalama zao, popanda wowatuma. Iwowa alibe kapitao woti aimbe wezulo kuti basi, kwatha. Aliyense amayenera kudziyankha yekha kuti asiye liti. Mmene iwo amayankhira funso limeneli muli phunziro kwa bambo wachikulire amene akunyamulabe anthu pa njinga ku Mandimba, kapena amene akukwerabe m'mitengo kukafula njuchi ku Ngauma.

Mphindi imodzi mumlengalenga

Ndege imakwera mamita pafupifupi 4,000. Munthu akatuluka pakhomo, amagwa pa liwiro la makilomita 200 pa ola, kwa nthawi yotsala pang'ono kukwana mphindi imodzi. Kenaka amayenera kupinda mkono, kufikira kumsana ndi kukoka kachogwirira kotsegulira parachuti. Ikapanda kutseguka bwino, ali ndi masekondi owerengeka oti aitaye ndi kutsegula yachiwiri, pakuti wolumpha aliyense amabereka ziwiri. Palinso kamakina kamene kamatsegula yachiwiriyo pakokha munthu akakomoka m'mwamba.

Bvuto lalikulu lili pansi. Potera, wolumpha amayeza ndi maso kutalika kwa nthaka, nakoka zingwe ziwiri ndi manja onse pa nthawi yake yeniyeni. Akafulumira kapena akachedwa, akakolo, miyendo ndi msana ndizo zimalipira. Mnyamata akathyoka fupa limalumikizana msanga. La nkhalamba limatenga miyezi.

Bungwe la masewerawa ku Amereka, USPA, linawerenga kuti mu 2023 anthu analumpha maulendo 3.65 miliyoni, ndipo amene anamwalira anali 10. Ngozi zambiri zotere sizichokera ku nsalu yong'ambika ayi. Zimachitika parachuti ili bwinobwino, munthu atalakwitsa kuweruza. Choncho chimene chimakalamba si chida, koma maso, phewa ndi kufulumira kwa maganizo.

Atatu amene anafika kutali

Mai Dilys Price a ku Cardiff, m'dziko la Britain, anali mphunzitsi. Analumpha koyamba ali ndi zaka 54, pofuna kusonkhetsa ndalama zothandizira anthu. Masewerawo anawalowa m'magazi, mwakuti analumpha okha maulendo oposa 1,100. Mu 2013, ali ndi zaka 80, analembedwa m'buku la Guinness kuti ndiwo mai wamkulu koposa amene analumpha yekha. Atafika zaka 86 anagulitsa parachuti yao. Sanadikire kuti ngozi iwalande. Pambuyo pake analumphanso, koma atamangiriridwa kwa mphunzitsi, njira imene amaitcha tandem: mphunzitsi ndiye amatsegula, kuongolera ndi kutera, winayo amangokhala wokwera. Anamwalira mu 2020 ali ndi zaka 88.

George Bush wamkulu, amene anakhalapo pulezidenti wa Amereka, analumpha koyamba mu 1944 ndege yake itaomberedwa ndi asilikali a Japan. Mu 1997, ali ndi zaka 72, analumphanso ndi parachuti yakeyake. Mu 2004, pokondwerera zaka 80, anafuna kutero kachiwiri, koma mphepo inali yoipa ndipo akatswiri a asilikali anakana. Munthu amene kale ankalamula asilikali onse a dziko lake anabvomera kumangiriridwa kwa mphunzitsi. Ulendo wake womaliza unali mu 2014, ali ndi zaka 90, pamene ankayendera kale mpando wa matayala. Anamwalira mu 2018.

Kufupi ndi kuno, ku South Africa, Mai Georgina Harwood analumpha pafupi ndi Cape Town mu 2015 pokondwerera zaka 100. Iwonso anali omangiriridwa kwa mphunzitsi.

Nkhani zoterezi zimakoma pa wailesi, ndipo wina angati ukalamba suletsa kanthu. Koma womvetsera wosamala aona kuti pa ulendo wao womaliza onse atatu anali okwera chabe. Zingwe zinali m'manja mwa munthu wina wamphamvu. Mai Price ndi Bush sanasiye tsiku limodzi. Anatsika pang'onopang'ono, ngati munthu wotsika phiri la Mitucué, ndipo mbali yoopsa anaipereka kwa ena thupi lisanawakanike.

M'mabwalo a masewerawa mulibe chaka chimodzi chimene aliyense amasiyira. Achikulire ambiri amayamba ndi kusintha parachuti, kutenga yaikulu imene imatsika mofatsa. Amaleka kulumpha tsiku la mphepo. Amakayezetsa mtima ndi maso kwa dokotala. Amayeserera pansi kukoka zogwirira, kuti aone ngati dzanja likufikabe msanga. Ndiponso amamvera anzao amene amawaona potera, chifukwa mwini wake ndiye amakhala womaliza kudziwa kuti wayamba kuchedwa.

Pa msewu wa ku Chiponde

Ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba palibe amene amalipira ndege kuti akalumphe. Koma ntchito zofuna maso akuthwa ndi thupi lofulumira zilipo zambiri. Pakati pa chipata cha Mandimba ndi cha Chiponde, ku Malawi, anthu ndi katundu amayenda pa njinga zakapalasa ndi zamoto. Pa nyanja ya Amaramba asodzi amapalasa mabwato. M'midzi muli ofolera madenga ndi ofula njuchi. Mwa onsewa muli abambo a imvi.

Msewu wa N13, wochokera ku Cuamba kudzera ku Mandimba ndi Massangulo mpaka ku Lichinga, tsopano uli ndi phula. Malole ndi machapa akuthamanga kuposa masiku a fumbi ndi matope. Bambo amene anazolowera msewu wakale ali ndi nthawi yochepa yoti amve hutala, acheuke ndi kupatuka.

Ndipo pali kusiyana kwina. Wonyamula anthu pa njinga sali ngati Mai Harwood, wokwera. Iye ali pamalo a mphunzitsi uja: kumbuyo kwake kuli mai wobereka mwana, kapena wodwala wopita kuchipatala. Akalakwitsa, obvulala ndi awiri kapena atatu.

Zizindikiro zake n'zofanana ndi za olumpha. Madzulo maso akuona ngati kuli nkhungu, ndipo nyali za galimoto zikuthobwa. Khosi likukanika kucheuka. Chizungulire chikubwera poimirira kapena pokwera makwerero. Dzanja likuchita dzanzi pa buleki kapena pa nkhafi. Kugwa pang'ono kwachitika kawiri kapena katatu m'nyengo imodzi, pamalo pamene kale munthu ankadutsa osaganizako. Zina mwa izi zili ndi mankhwala: ng'ala ya m'maso imachotsedwa ndi opaleshoni, ndipo kuthamanga kwa magazi kumayezedwa pa chipatala chaching'ono chomwe. Amene wapita kukayezetsa mwina abwerera pa njinga yake. Amene akubisa, akumbuke kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kusiya ndi njala

Komabe mau akuti "siyani" ndi opepuka pakamwa. Mai Price anasiya masewera. Bambo wa ku Mandimba akasiya njinga, wasiya ufa ndi ndiwo. Lamulo la dziko lino la nambala 3 la 2014 limati munthu wa zaka 60 kapena kuposerapo ndi wokalamba woyenera kutetezedwa, ndipo bungwe la boma la INAS limapereka thandizo kwa okalamba osauka. Koma mu 2018 thandizolo linaikidwa pa mametikali 540 pamwezi kwa munthu wokhala yekha, ndipo si onse amene analembedwa. N'chifukwa chake ambiri amakakamira mpaka tsiku la ngozi.

Apa ndi pamene njira ya olumpha ija, yotsika pang'onopang'ono, ingathandize banja. Bambo angayambe ndi kuleka kuyenda usiku ndi nthawi ya mvula. Kenaka angasiye kunyamula anthu, n'kumanyamula katundu wopepuka pa mtunda waufupi. Pomaliza njinga ingapite kwa mwana kapena mphwake, pa pangano lomveka pamaso pa abale la ndalama imene mwini njinga azilandira pa sabata. Msodzi angapereke nkhafi, iye n'kumasoka maukonde pa doko. Wofula njuchi angaime pansi pa mtengo, akusonkha utsi ndi kulangiza mnyamata amene wakwera. Nzeru za ntchito sizikalamba msanga ngati mawondo.

Chobvuta ndi kupeza woyambitsa nkhaniyo. Mwana sangaimirire pabwalo n'kuuza bambo wake kuti mwatha mphamvu. Bamboyo mawa lake adzalawirira pa njinga kuti aonetse kuti sanathe. Nkhani yotere imayenda bwino ikadzera kwa mai wa pakhomo, kwa mbale wao wamkulu, kapena kwa mnzao wa msinkhu umodzi amene anasiya kale, ndipo ikambidwe kuseri, osati pa siteji pamaso pa anyamata. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Nthawi yabwino yokambirana ndi pamene agogo akuyendabe ndi miyendo yao, njinga ili yamoyo, ndipo angathe kunena okha amene aitenge ndi mtengo wake. Ikakambidwa pambali pa bedi la ku chipatala cha Cuamba, njingayo imakhala itapindika kale, ndipo ndalama zoyamba zimapita ku banja la amene anakwera kumbuyo.