Nkhalamba zinayi zinagwedeza Havana

Lachisanu pa 25 Malichi 2016, nthawi itapitirira 8 koloko usiku, gitala ya Keith Richards inalira pa bwalo la Ciudad Deportiva mu mzinda wa Havana, likulu la dziko la Cuba. Nyimbo yake inali Jumpin' Jack Flash. Chinamtindi cha anthu chimene chinakhala chikudikira padzuwa kuyambira masana, ena atagona pomwepo dzulo lake, chinakuwa nthawi imodzi. Owerengera ananena kuti panali anthu pafupi-fupi 500,000, ndipo ena anali kuonera ali pa madenga a nyumba zozungulira bwalolo.

Amene anali pa nsanja anali a gulu loyimba la The Rolling Stones, limene linayamba ku London m'chaka cha 1962. Usiku umenewo Mick Jagger, woyimba wamkulu, anali ndi zaka 72. Richards nayenso anali ndi 72. Woyimba ng'oma, Charlie Watts, anali ndi zaka 74, ndipo wamng'ono mwa onse, Ronnie Wood, anali ndi 68. Kumudzi anthu a msinkhu umenewu timawasiyira mpando pamthunzi ndi kuwapatsa milandu kuti aweruze. Awa anayimba nyimbo 18 kwa maola awiri, Jagger akuthamanga kuchokera mbali ina ya nsanja kufika mbali ina, kuvina ndi kusintha malaya ngati mnyamata.

Koma nkhani yeni-yeni ya usiku umenewo inali pansi, pakati pa oonera. Panali azibambo ndi azimayi aimvi amene anabwera ndi ana ndi adzukulu awo, ndipo ambiri mwa iwo anali atadikira tsikuli zaka zoposa 50.

M'zaka za m'ma 1960, boma la Fidel Castro linali kuona nyimbo za rock ngati chida cha adani chosokeretsa achinyamata. Nyimbo za The Beatles ndi za The Rolling Stones zinachotsedwa pa wailesi ndi pa kanema. Mnyamata wa tsitsi lalitali ndi buluku lothina anali kukayikiridwa. Ena anametedwa mokakamiza, ena anachotsedwa sukulu, ndipo ena anatumizidwa ku misasa ya ntchito yotchedwa UMAP, imene inalipo kuyambira 1965 mpaka 1968. Ngakhale zinali choncho achinyamata sanasiye. Anali kubisa mbale za nyimbozi m'zikutiro za mbale za oyimba a ku Cuba, kubwerekana mwakachetechete, ndipo usiku anali kusaka mawailesi a ku United States, mawu atatsitsa kuti a nyumba yoyandikana asamve. Munthu anali kudziwa nyimbo yonse pamtima, chikhalirecho nkhope za oyimba ake sanazionepo zikuyenda.

Zinthu zinafewa pang'ono-pang'ono. Pa 8 Disembala 2000, Castro yemweyo anatsegulira chiboliboli cha John Lennon pa paki ina ku Havana. M'chaka cha 2001 gulu la ku Wales la Manic Street Preachers linayimba mu holo ya Karl Marx, iye mwini ali pomwepo, ndipo mu 2005 gulu la ku America la Audioslave linayimba panja mu mzindawo. Komabe gulu lalikulu ngati The Rolling Stones linali lisanapondepo. Anthu a ku Moçambique amene anakaphunzira pa chilumba cha Isla de la Juventud kuyambira m'chaka cha 1977 akuidziwa Cuba ya masiku amenewo, ndipo angathe kuyerekeza kutalika kwa ulendo umene dzikolo linayenda kuti lifike pa usiku uwu.

Jagger anali kuzidziwa zimenezi. Analankhula ndi anthu m'Chisipanishi, nawauza kuti akudziwa kuti kale kunali kovuta kumva nyimbo zawo ku Cuba, koma tsopano afika, ndipo zikuoneka kuti nthawi zikusintha. Sanatchule dzina la munthu aliyense. Panalibe chifukwa, aimvi aja anamva bwino lomwe.

Kulowa kunali kwaulere, ndipo sikukanatheka mwanjira ina. Pa nthawiyo wogwira ntchito m'boma ku Cuba anali kulandira ndalama zokwana pafupi-fupi madola 30 pa mwezi, pamene m'maiko ena tikiti yoonera gululi imafika madola mazana angapo. Ndalama zambiri zoyendetsera mwambowu zinachokera ku bungwe la Fundashon Bon Intenshon la pa chilumba cha Curaçao. Nsanja, magetsi, zokuzira mawu ndi makanema akulu-akulu oonetsa oyimba kwa anthu a kumbuyo, zonse zinachita kubwera kuchokera kunja, zambiri m'makontena pa sitima ya pamadzi. Ngakhale tsiku lenilenilo linavuta. Poyamba anakonza za pa 20 Malichi, koma ndilo tsiku limene Barack Obama anafika ku Havana, mtsogoleri woyamba wa United States kukacheza ku Cuba ali pa mpando chichokere 1928. Oyimba anapatuka. Tsiku latsopano linagwera pa Lachisanu Loyera, ndipo nyuzipepala zinalemba kuti a ku Vatican anapempha kuti lisinthidwenso. Apa sanasunthe.

Kuonera gulu lokalamba kuli ndi zake. Mawu a Jagger si aja a m'mbale za 1965, ndipo zala za Richards zinapindika ndi nyamakazi. Iye amakonda kuchotsa nsambo imodzi pa gitala, kutsala zisanu, ndipo kulira kokakala kumene kumamveka poyambira pa Start Me Up, Honky Tonk Women ndi Brown Sugar kumachokera pamenepo. Nthawi zina amachedwa pang'ono kulowa, Wood n'kumutsekera mpata, awiriwo n'kuyang'anana akuseka. Kumbuyo kwawo kunali Watts, munthu wokonda jazz kuposa rock, atakhala pa ng'oma zake zochepa, nkhope ili phee ngati mlembi wa mu ofesi. Iyeyu ndiye anali kugwira zonse kuti zisamwazike. Pakati pa mwambo Jagger anapita kukapuma, Richards n'kuyimba yekha nyimbo ziwiri ndi mawu ake osasa. Pa zaka 72 kupuma kumeneko si kwa mwambo chabe ayi.

Sikuti onse amene anadza anali kuzidziwa nyimbozo. Achinyamata ambiri a ku Havana anakulira pa reggaeton ndi salsa, ndipo ena anangobwera chifukwa kunali kwaulere ndiponso mzinda wonse unali kupita kumeneko. Koma itayamba Angie, nyimbo yodekha ya 1973, achikulire anali kuyimba nawo, ena akupukuta misozi. Chakumapeto, kwaya ya ku Cuba yotchedwa Entrevoces inakwera pa nsanja kukayamba You Can't Always Get What You Want, ndipo anatsekera ndi Satisfaction, imodzi mwa nyimbo zimene zinali kumvedwa mobisa m'zipinda zotseka mazenera.

Mwambo wonse unajambulidwa, ndipo filimu yake, Havana Moon, yotsogoleredwa ndi Paul Dugdale, inatuluka chaka chomwecho. Fidel Castro, amene sanaoneke pa bwalopo, anamwalira patangopita miyezi isanu ndi itatu, pa 25 Novembala 2016. Charlie Watts anamwalira ku London pa 24 Ogasiti 2021 ali ndi zaka 80, ndipo pa ng'oma panakhala Steve Jordan. Jagger, Richards ndi Wood anapitiriza, mpaka kutulutsa chimbale china, Hackney Diamonds, mu 2023. Anayi aja pamodzi, anthu a ku Havana anawaona usiku umodzi wokhawo.