Chifuwa Chimene Gwero Lake Lili M'mimba

Amayi anzanga, kuno kumapiri a Dowa ndi Ntchisi kutsokomola mu June ndi July sikudabwitsa munthu. Koma chilipo chifuwa china chosadziwa nyengo. Chisanu chimatha, kutentha kwa October n'kufika, icho chili pomwepo.

Mayi wina wa m'gulu lathu anatsokomola miyezi isanu. Apongozi ake anam'patulira mbale ndi chikho, ana anapita kukagona kwa agogo awo, ndipo pamsonkhano wathu mphasa imene iye wakhalapo inkatsala ndi malo ambiri. Ndisaname, inenso ndinkakhala chapatali. Anapereka makhololo kuchipatala kawiri, ndipo kawiri konse anamuuza kuti alibe chifuwa chachikulu. Ulendo wachitatu adokotala anam'funsa kuti, "Amayi, mumatsokomola kwambiri nthawi yanji?" Iye anati akangodya mgonero n'kukagona. "Nanga chilungulira mumamva?" Apa mayiyo anaseka. Chilungulira anakhala nacho zaka zambiri, ankachiziziritsa ndi phulusa, ndipo sankaganiza kuti ndi nkhani yofika nayo kwa adokotala.

Pamene njira ya chakudya imalowera m'chifu pali mnofu umene umatseka monga timangira kukamwa kwa thumba. M'chifumo muli madzi owawasa kwambiri, asidi, ogayira chakudya. Mnofu uja ukalobodoka, madziwo amabwerera kumtunda, amapsereza njirayo, nthawi zina mpaka kufika pakhosi, ndipo thupi limayankha ndi kutsokomola. Chovuta n'chakuti ena amatsokomola chotere osamva chilungulira n'komwe.

Nthendayi saitchula poyamba, ndipo ndi bwino kuti zikhale choncho. Aliyense amene watsokomola masabata 2 ayambe wakayezetsa chifuwa chachikulu, kaya ku Dowa, ku Ntchisi, ku Mponela, ku Madisi kapena ku Mtengowanthenga. Makina a GeneXpert, amene bungwe la WHO linawavomereza mu 2010, amatha kuona nthendayi m'makhololo pa maola ngati 2. Magazi ayezedwenso, ndipo pakafunika ajambule pachifuwa. Zikatero adokotala amaganizira mphumu, mamina otsikira kukhosi, utsi wa m'khitchini, fodya wosuta ndi fumbi la pamene tikusankha fodya m'chigafa. Amene mukumwa mankhwala a BP mutenge kabuku kanu ka kuchipatala, pakuti enalapril ndi captopril amayambitsa chifuwa chouma mwa anthu ena. Musawasiye nokha, adokotala ndiwo angasinthe.

Chifuwa chikapitirira masabata 8 zonsezi zitapezeka kuti mulibe, m'pamene ntchito imagwera ife. Amene amagona pafupi ndi wodwala amadziwa zimene makina sangaone. Chifuwachi kawirikawiri chimakhala chouma. Chimabwera munthu akakhuta, akagona chagada, kapena akawerama kupalira nsima isanatsike. M'mawa mawu amasasa, m'kamwa mumawawasa, ndipo munthu amangokhalira kukonza pakhosi. Muziona chimene wadya tsiku limene watsokomola kwambiri: mbatata, tsabola, zokazinga m'mafuta, tiyi wamphamvu, mowa. Zimenezi mukazinene zonse, ngakhale zooneka zazing'ono.

Adokotala akakayikira m'mimba, amayesa ndi mankhwala ochepetsa asidi monga omeprazole, omwedwa m'mawa musanadye. Apa m'pamene ambiri timagwa ulesi. Chilungulira chimaleka msanga, koma chifuwa chingatenge miyezi 2 kapena 3. Chikatha, ndiye kuti gwero lapezeka. Chikakana, bwererani akafufuzenso, chifukwa kwa amene samva chilungulira mankhwalawa nthawi zambiri sathandiza.

Kunyumba, mgonero udyedwe patatsala maola 3 kuti mugone. Ndikudziwa kuti pakhomo pamene bambo amabwera usiku zimenezi n'zovuta, koma wodwalayo angathe kudya yekha kusanade. Kumutu kwa bedi ikani njerwa. Ogona pamphasa aikeko thabwa kapena matumba kuti msana wonse upendekeke, osati khosi lokha. Kugonera kumanzere kumathandiza. Chitenje chisamangidwe mothina pamimba, ndipo aspirin ndi brufen musamangogula pagolosale, pakuti zimapweteka chifu.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira nazo. Nsima ikayamba kuima pachifuwa, munthu akuonda, akusanza magazi kapena chimbudzi chikuda bii, pitani msanga. Khansa ya kummero ndi yochuluka m'Malawi muno kuposa m'maiko ambiri, ndipo ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe amatha kuunika njira ya chakudya ndi kachubu kokhala ndi kamera. Amayi oyembekezera, amene chilungulira chimawakonda, afunse kusikelo asanamwe mankhwala aliwonse.

Mnzathu uja chifuwa chinam'siya m'mwezi wachitatu wa mankhwala. Mbatata amadyabe, koma masana okha.