Zilonda za Kukhosi Zingathe Kuononga Mtima wa Mwana

Ku Chemusa mu Blantyre, monganso kumidzi, ana a zaka 5 mpaka 15 amadwala kaŵirikaŵiri zilonda za kukhosi. Mwana amatentha thupi, amavutika kumeza, matonsilo amafiira ndi kuchita mafinya, ndipo mwanabele amatuluka m'khosi. Zizindikiro zimenezi zikaoneka popanda chifuwa kapena chimfine, makolo apite naye kuchipatala msanga.

Mankhwala ake ndi jekeseni imodzi ya penisilini, kapena mapiritsi a masiku 10. Kulekeza mapiritsi panjira nkoopsa: pakapita masabata 2 kapena 3, mfundo zingatupe ndipo mtima ungaonongeke moyo wonse.

Mwana wolephera kutsegula pakamwa kapena kumeza malovu angakhale ndi chithupsa kukhosi. Ameneyo asagone kunyumba, koma athamangire naye ku chipatala cha Queen Elizabeth tsiku lomwelo.