Kodi Mumadziwa? Game Boy Inapambana Chifukwa cha Mabatire

Mu 1989 kampani ya Nintendo ya ku Japan inatulutsa Game Boy, kachipangizo kam'manja kosewerera magemu. Zithunzi zake zinali zopanda mitundu, zongooneka mbuu pa kagalasi kobiriwira. Chaka chomwecho kampani ya Atari inabwera ndi kachipangizo kake kotchedwa Lynx, ndipo mu 1990 kampani ya Sega inatulutsa Game Gear. Ziwirizi zinali ndi zithunzi zamitundumitundu, zowala ngakhale mumdima. Munthu akanati Game Boy yagwa nayo.

Koma kuwalako kunkadya mabatire koopsa. Game Gear inkafuna mabatire 6, ndipo pakangopita maola 3 mpaka 5 anali atatha. Game Boy inkangofuna 4 basi, n'kuyenda nawo maola oposa 10. Tangoganizani za kholo limene mwana akulikoka malaya tsiku ndi tsiku kuti likagule mabatire ena! Mtengo nawonso unasiyana: ku America, Game Boy inkagulidwa pafupifupi madola 90 pamene Game Gear inali pa madola 150.

Gunpei Yokoi, katswiri amene anatsogolera ntchito yopanga Game Boy, anachita kusankha dala zipangizo zodziwika kale ndi zotsika mtengo, ndipo anaganiza bwino zedi. Ku America ankaigulitsa pamodzi ndi Tetris, gemu ya Alexey Pajitnov wa ku Moscow, imene inakopa ana ndi akulu omwe. Gemu ya Pokémon itabwera mu 1996, malonda anadzukanso.

Game Boy ndi mng'ono wake Game Boy Color zinagulidwa zoposa 118 miliyoni. Game Gear inalekera pa pafupifupi 11 miliyoni.