Aorta ikang'ambika pokonza mitsempha ya mtima

Mwina m'bale wanu watumizidwa ku chipatala chachikulu, monga ku Maputo, kuti akatsegule mitsempha ya mtima yomwe yatsekeka ndi mafuta. Dziwani za vuto lina lomwe silichitikachitika, koma ndi loopsa.

Potsegula mtsempha, dokotala amalowetsa kachubu kowonda pamkono kapena m'mphechepeche. Kachubuko kamadutsa mu aorta, mtsempha waukulu wotulutsa magazi mumtima, n'kukafika pakamwa pa mitsempha yodyetsa mtima. Njira yotsegula ndi kabaluni inayambidwa ndi Andreas Grüntzig ku Zurich mu 1977.

Vuto limayamba bwanji?

Khoma la aorta lili ndi zigawo 3. Nsonga ya kachubu ikakanda chigawo chamkati, magazi amalowa pang'anjopo n'kumasiyanitsa zigawozo. Izi zimagwera anthu osakwana 1 pa 1,000 alionse, kawirikawiri pokonza mtsempha wakumanja wa mtima.

Madokotala amachita chiyani?

Choyamba amasiya kupopera mankhwala ounikira mitsempha, chifukwa mphamvu yake imakulitsa ng'anjo. Kenako amaika stent, kawaya kolukidwa ngati kachubu, pamene ng'anjo yayambira kuti magazi asalowenso. Amaperekanso mankhwala otsitsa kuthamanga kwa magazi ndi kugunda kwa mtima, ndipo amajambula chifuwa ndi makina a CT kuti aone pamene ng'anjo yalekezera. Ikakhala yaifupi, nthawi zambiri imapola popanda opaleshoni. Ikakwera kupitirira masentimita 4, kapena magazi akatayikira m'thumba lokuta mtima, pangafunike opaleshoni yotsegula chifuwa mwamsanga.

Nanga wodwala akabwerera kumudzi?

Thamangirani naye ku chipatala nthawi yomweyo akamva ululu wadzidzidzi ngati chinthu chikung'ambika pachifuwa kapena pamsana, akakomoka, akabanika, kapena mkono kapena mwendo ukazizira ndi kufooka. Musadikire kuti kuche, musayambe ndi mankhwala azitsamba, ndipo asapalase yekha njinga. Tengani mapepala onse a kuchipatala, ngakhale mukupita ku chipatala cha tsidya lina la malire.

Wodwala asasiye yekha mankhwala oletsa magazi kuundana monga aspirin ndi clopidogrel, chifukwa stent ingatsekeke. Ayezetse tensão kawirikawiri, achepetse mchere, asiye fodya, ndipo asanyamule matumba olemera mpaka dokotala atamulola. Tsiku lobwereranso ku chipatala lisadumphidwe ngakhale akumva bwino.